Mwana wa ku Magoe amene anasunga mabuku a dziko lonse

Abale anga a ku Chipera, Fingoe ndi midzi yonse ya m'malire, sabata ino ndabwera ndi nkhani ya kope ndi pensulo.

Mukaima m'mbali mwa nyanja ya Cahora Bassa n'kuponya maso tsidya linalo, kumeneko ndi ku Magoe. Uko ndiko kunabadwira mwana wamkazi pa 11 April 1958, dzina lake Luísa Dias Diogo. Masiku amenewo dziko lino linali m'manja mwa Apwitikizi, ndipo zinali zosowa kuona mtsikana wachikuda akupita patali ndi sukulu. Koma iyeyu anapita patali. Anaphunzira mumzinda wa Tete, kenaka ku Maputo, m'sukulu zophunzitsa zamalonda ndi kasungidwe ka mabuku a ndalama: zalowa zingati, zatuluka zingati, zatsala zingati, nanga ngongole ili ndi yani.

Mu 1980 Mayi Diogo anayamba ntchito ku unduna wa zachuma. Mu 1983 anatsiriza maphunziro a zachuma pa yunivesite ya Eduardo Mondlane, ndipo mu 1992, chaka chimene nkhondo inatha, analandira digiri ina ku yunivesite ya London. Mu 1994 anakhala wachiwiri kwa nduna ya zachuma, ndipo mu 2000 anakhala nduna.

Akuluakulu mukukumbukira mmene dziko linalili titangotuluka m'nkhondo. Milatho inali yogumuka, sukulu zopanda madenga, ndipo boma linali ndi ngongole zakunja zoti silikanatha kubweza. Mayi Diogo anali mmodzi mwa amene ankakhala pansi ndi akuluakulu a World Bank ndi IMF kukambirana za ngongolezo, ndipo mu 1999 ndi mu 2001 gawo lalikulu linakhululukidwa. Kumalo ngati amenewo misozi sigwira ntchito. Amamvera munthu amene watsegula buku n'kuonetsa kuti tinakongola zakuti, tabweza zakuti, ndipo mukatikhululukira ndalamazo zipita kwakuti.

Mu February 2004 Pulezidenti Joaquim Chissano anawasankha kukhala nduna yaikulu. Anali mayi woyamba kukhala pa mpando umenewu m'Mozambique, ndipo anakhalapo mpaka January 2010. Inali nthawi yawo, mu July 2006, pamene boma linachotsa maziro atatu pa ndalama yathu, 1,000 yakale n'kusanduka metikali imodzi. Amene ankadziwa masamu sanavutike pamsika. Enafe tinkafunsa ana asukulu.

Tsono nkhaniyi ikutikhudza bwanji ife alimi ndi asodzi?

Chaka china mlamu wanga anatenga mbewu ya thonje ndi mankhwala pangongole. Pa tsiku logulitsa, wogula anatchula mabotolo asanu a mankhwala. Mlamu wangayo anaumirira kuti anatenga atatu, koma analibe umboni. Mwamwayi mwana wake wamkazi wa kalasi 6 ankalemba zonse kumapeto kwa kope lake lasukulu: tsiku, chimene atenga ndi mtengo wake. Anathamangira kunyumba kukatenga kopelo. Wogula uja ataona masiku ali m'ndondomeko anangoti, "Pepani bambo, ndasokoneza ndi munthu wina." Ndalama ya mabotolo awiri inabwerera m'thumba.

Chondimvetsa chisoni n'chakuti chaka chotsatira mlamu wanga yemweyo anafuna kumusiyitsa sukulu mwanayo, ati azithandiza amake kumunda poyembekeza banja. Tinakangana mpaka tambala woyamba. Ndinamufunsa kuti, "Alamu, kodi chaka chamawa wogula akadzatchulanso mabotolo asanu, adzakuwomboleni ndani?" Mwanayo anabwerera kusukulu.

Kuno kumalire timagwira ndalama ziwiri, metikali ndi kwacha ya ku Zambia. Timagulitsa chimanga, mbuzi ndi nsomba zouma kwa anthu odziwa kusintha ndalama kuposa ife. Timakongoza anzathu pakamwa pokha, kenaka chibale n'kuthera kwa amfumu. Zonsezi zikusowa munthu mmodzi pakhomo wodziwa kulemba ndi kuwerengera.

Choncho pempho langa ndi ili. Gulani kope limodzi la pakhomo. Mupatseni mwana wamkazi kuti azilembamo chilichonse chimene mwagulitsa, mwagula kapena mwakongola, pamodzi ndi tsiku lake. Madzulo muzikhala naye pansi kuti akuwerengereni. Ndipo mvula ikagwa, khasu lisamulande sukulu. Paja akulu anati m'mera mpoyamba.

Si mtsikana aliyense amene adzakhale nduna. Koma Mayi Diogo anachokera tsidya la madzi omwewa amene timamwa, ndipo ntchito yawo yaikulu ija inayambira pa kuphatikiza ndi kuchotsera manambala m'kope.

Tsalani bwino, tionana sabata yamawa.