Kapinga wogula safuna chidule

Pakhomo pomwe pali kapinga wobiriwira, fumbi la mu Okutobala limachepa, ndipo mvula ikagwa nthaka sikokoloka. Ambiri kuno kwathu timabzala timitsitsi n'kudikira miyezi ingapo kuti afalikire. Koma ena ayamba kugula kapinga wodulidwa ndi dothi lake, wopindidwa ngati mphasa, monga amachitira ku Joni komwe abale athu ambiri amagwira ntchito yosamalira maluwa. Kapinga wotereyu ndi wodula, ndiye mukaphonya pang'ono ndalama zalowa m'madzi.

Choyamba ndi nyengo. Kikuyu, Buffalo, LM ndi kapinga wathu wamba amakonda kutentha. Mu Juni ndi Julayi amagona, mizu yake sigwira msanga. Dikirani mvula yoyamba, mu Novembala kapena Disembala, kuti bilu ya madzi isakulizeni. Kikuyu amafuna dzuwa lambiri. Pansi pa mtengo wa mango ikani LM, yemwe amapirira mthunzi.

Chachiwiri, konzani malo musanaitanitse kapinga. Limani mozama masentimita 15, chotsani miyala, zidutswa za njerwa ndi dawe pamodzi ndi mizu yake, chifukwa dawe akatsala amaboola kapinga. Sakanizani manyowa owola bwino, salazani ndi reki, kenaka nyowetsani pang'ono.

Kapinga akafika, muyaleni tsiku lomwelo. Akagonera mopindidwa amatenthana n'kusanduka wachikasu. Yambani m'mbali mowongoka, ndipo zidutswazo muzisanje monga amasanjira njerwa womanga nyumba, kuti mizere isalunjikane. Zigundane bwino popanda mpata, chifukwa m'mphepete ndimo mumayamba kuuma. Potsetsereka yalani mopingasa n'kukhomerera ndi timitengo. Mukatha, ikani thabwa n'kupondapo kuti mizu ikhudze dothi, ndipo thirirani nthawi yomweyo.

Masabata awiri oyamba, ngati mvula yadula, thirirani m'mawa uliwonse. Ana ndi agalu ayambe asewerera kwina. Kenaka kokani ngodya imodzi: ikakana kutukuka, mizu yagwira. Apo mpamene mungayambe kutchetcha, koma mongometa nsonga, osapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wake. Muziyenderanso kuona ngati chiswe chalowa, makamaka pomwe munathira manyowa osawola.

Amene thumba silikulola, musadandaule. Timitsitsi tobzalidwa pa nthaka yokonzedwa chimodzimodzi tidzafika pomwepo mvula isanathe. Walira mvula walira matope: wofuna kapinga akonzekere khasu ndi ndowa.