Timu ikakhala m'thumba la munthu mmodzi: zimene zinachitika ku Chelsea

Pa 10 March 2022, ochemerera timu ya Chelsea anadzuka n'kumva kuti timu yawo, yomwe mwezi umodzi wokha m'mbuyomo inali itatenga chikho cha matimu a dziko lonse ku Abu Dhabi, siikuloledwanso kugulitsa tikiti yatsopano ngakhale jezi imodzi m'sitolo yake. Kugula wosewera, kumugulitsa kapena kumuonjezera kontirakiti, zonsezi zinaletsedwa. Panalibe wosewera kapena mphunzitsi amene analakwa. Boma la Britain linali litatseka chuma cha mwini timuyo, a Roman Abramovich, ponena kuti iwo ndi oyandikana ndi Pulezidenti Vladimir Putin, amene asilikali ake analowa m'dziko la Ukraine pa 24 February chaka chomwecho. Ife kuno, kumene anyamata amadzaza m'nyumba zoonetsera mpira Loweruka atavala jezi zabuluu, ambiri tinaiona ngati nkhani ya ndale za kutali. Komatu gwero lake linali m'kayendetsedwe ka timuyo kuyambira tsiku limene inagulidwa.

A Abramovich anagula Chelsea mu July 2003 kwa a Ken Bates pa mtengo wa mapaundi pafupifupi 140 miliyoni, kuphatikizapo ngongole zomwe zinali pafupi kuimiza timuyo. Chuma chawo chinachokera makamaka ku kampani ya mafuta ya Sibneft, imene anaipeza motchipa pamene boma la Russia linkagulitsa katundu wake m'zaka za m'ma 1990, n'kudzaigulitsa ku Gazprom mu 2005 pa madola 13 biliyoni. M'miyezi iwiri yoyamba yokha anaononga mapaundi oposa 100 miliyoni pogula osewera monga Damien Duff, Hernán Crespo, Claude Makélélé ndi Juan Sebastián Verón. Mu 2004 kunabwera mphunzitsi José Mourinho pamodzi ndi Didier Drogba, ndipo mu 2005 Chelsea inatenga ligi patatha zaka 50 chiitengereni. Tisaname, ndalamazo zinagwira ntchito: ligi kasanu, ndiponso chikho cha Champions League kawiri, mu 2012 ndi mu 2021.

Chimene ochemerera ambiri sankachiganizira n'chakuti gawo lalikulu la ndalamazi silinali mphatso. Linkalowa ngati ngongole kudzera ku kampani ya mwini wake, ndipo pofika 2022 ngongoleyo inali itakwana mapaundi pafupifupi 1.5 biliyoni. A Abramovich analengeza kuti sadzaifunsa. Koma kwa zaka 19 moyo wa timu imene inakhazikitsidwa mu 1905 unkadalira mtima ndi mwayi wa munthu mmodzi. Iwo akakonda wosewera, ankagulidwa. Andriy Shevchenko anabwera mu 2006 pa mapaundi pafupifupi 30 miliyoni, Fernando Torres mu 2011 pa mapaundi 50 miliyoni, ndipo onse awiri sanamwetse zigoli zolingana ndi mtengo wawo. Aphunzitsi ndiwo ankasenza mlandu; Roberto Di Matteo anachotsedwa ntchito patangotha miyezi isanu ndi umodzi atapatsa timuyo chikho cha ku Ulaya chimene mwini wake ankachilakalaka.

Mbali imene ikutikhudza kwambiri ife a ku Africa ndi ya ana. Mu 2005 mnyamata wa ku Nigeria, John Obi Mikel, amene ankasewera ku Lyn ya ku Norway, anaonetsedwa kwa atolankhani atavala jezi ya Manchester United atangokwanitsa zaka 18. Posakhalitsa iye ananena kuti anasaina mokakamizidwa ndipo mtima wake unali ku Chelsea. Mkanganowo unatha mu 2006 pamene Chelsea inalipira mapaundi 12 miliyoni ku United, timu imene Mikel sanaiseweleko ngakhale mphindi imodzi, ndi mapaundi 4 miliyoni ku Lyn. Mikel zinamuyendera, anakhala ku London zaka zoposa khumi. Koma mu 2019 bungwe la FIFA linapeza kuti Chelsea inaphwanya malamulo pa osewera 29 osakwana zaka 18, ndipo dzina la Bertrand Traoré wa ku Burkina Faso linatchulidwa kwambiri pa mlanduwo. Lamulo loletsa kusamutsa ana kupita nawo kunja linaikidwa chifukwa pa mwana mmodzi amene amatchuka, pamakhala ena ambiri amene amasiyidwa m'dziko lachilendo opanda sukulu ndi opanda timu. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma pamsika wa osewera mwana wa mnzako amayamba wawerengedwa mtengo. Nthawi ina Chelsea inali ndi osewera pafupifupi 40 amene inawabwereketsa ku matimu ena, makamaka Vitesse ya ku Netherlands, kudikira kuti mtengo wawo ukwere.

Chodabwitsa n'chakuti chiletso chogula osewera chimene chinatsatira mlanduwo chinapatsa mpata ana okulira m'timu momwemo. Frank Lampard anadalira Mason Mount, Reece James ndi Tammy Abraham, ndipo timuyo inathera pa nambala 4 mu 2020.

Kumapeto kwa May 2022 timuyo inagulidwa ndi a Todd Boehly a ku America pamodzi ndi kampani ya Clearlake Capital pa mapaundi 2.5 biliyoni. Awa sanabwere kudzasangalatsa mtima ngati mnzawo uja. Ndi anthu osunga ndalama za ena, ndipo amayembekezera phindu. Asanathe zaka ziwiri anali ataononga mapaundi oposa 1 biliyoni pa osewera, ndipo njira imene anagwiritsa ntchito ndi yofunika kuimvetsa. M'mabuku a ndalama, mtengo wogulira wosewera umagawidwa pa zaka za kontirakiti yake. Enzo Fernández anagulidwa mu January 2023 pa mapaundi pafupifupi 107 miliyoni n'kupatsidwa kontirakiti ya zaka zisanu ndi zitatu ndi theka, choncho m'mabuku ankaoneka ngati wodya mapaundi 12 miliyoni ndi theka basi pachaka. Koma mwana wokulira m'timu akagulitsidwa, ndalama yonse imalembedwa nthawi yomweyo ngati phindu, popeza sanagulidwe. Masamu amenewa ndiwo amathandiza kumvetsa chifukwa chake Mount, amene analowa ku Chelsea ali ndi zaka 6, anapita ku Manchester United mu 2023, ndipo Conor Gallagher anapita ku Atlético Madrid mu 2024. Bungwe la UEFA linatseka mpatawo mu 2023 polamula kuti mtengo usagawidwe kupitirira zaka zisanu.

Eni atsopanowa ndiwonso anaulula okha zimene anazipeza m'mabuku a m'nthawi ya a Abramovich. Mu 2023 UEFA inalipiritsa timuyo mayuro 10 miliyoni chifukwa cha malipoti a ndalama osakwanira a zaka za 2012 mpaka 2019, ndipo mu September 2025 bungwe loyendetsa mpira ku England linaitsegulira milandu 74 yokhudza malipiro kwa ma ejenti pakati pa 2009 ndi 2022. Pabwalo zinthu zinabwereranso bwino, pakuti mu July 2025 Chelsea inagonjetsa Paris Saint-Germain 3-0 n'kutenganso chikho cha matimu a dziko lonse.

Nanga mapaundi 2.5 biliyoni aja? A Abramovich analonjeza kuti adzathandiza onse ovutika ndi nkhondo, pamene boma la Britain linaumirira kuti agwire ntchito yothandiza anthu m'dziko la Ukraine lokha. Mu June 2025, patatha zaka zitatu chigulitsireni timuyo, ndalamazo zinali zidakali zotsekedwa m'banki ku Britain, ndipo boma linaopseza kuti liwatengera a Abramovich kukhoti.