Tileke kuika waya m'malo mwa fyuzi

Ketulo ikaleka kugwira nchito, ambiri a ife timatsegula pulagi. Tikapeza kuti fyuzi yapsa, basi n'kukulungapo kawaya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya. Madzi awira, ife n'kudziona akatswiri. Abale, uku si kukonza, ni kuitana moto m'nyumba.

Fyuzi anaipangira kuti izipsa. Magetsi akapyola muyezo, iyo imayamba kufa kuti nthambo isatenthe. Tikaikapo waya, comwe cidzapsa ni nthamboyo, kenaka makatani, kenaka denga. Nanga malaiti a ZESCO akabwera pakati pa usiku, tonse tili m'tulo ndi ana, utsi adzauona ndani?

Ena amati ndalama zavuta. Zoona, koma fyuzi ni yochipa kuposa ketulo, osanena za nyumba.

M'kabokosi ka zida tisungemo tesita, pulayazi, tepu yakuda ndi mafyuzi: 13A ya ketulo ndi nsimbi, 3A ya nyale ndi wailesi. Fyuzi yatsopano ikapsanso, vuto lili m'ketulo momwemo kapena m'nthambo yake. Tisakakamize, tiipereke kwa wodziwa zamagetsi.