Amayi akutha ndi maganizo, mudzi ukungowatama kupirira

ULÓNGUÈ — Pamaliro a mayi m'midzi ya Angónia, Tsangano ndi Macanga, woyankhula m'malo mwa banja sasowa mawu akuti malemuwa anali olimbikira ntchito, osadandaula ndiponso opirira. Anthu amavomereza ndi mitu. Koma ndi ochepa amene amafunsa ngati kupirira komweko sikumene kwapititsa mayiyo kumanda asanakwanitse n'komwe zaka 50.

Ntchito ya mayi wa kumalire kuno aliyense akuidziwa. Tambala woyamba akamalira iye ali kale pamjigo, kenaka phala la ana a sukulu, kumunda, kudimba, nkhuni, kuchigayo, ndipo tsiku la msika amasenza mbatatesi, kabichi kapena nyemba kupita ku Calómuè, Lizulu ngakhale Biriwiri, mwana ali kumbuyo. Komatu thukuta lokha silimene likuwatha amayiwa. Chimene chikuwadya ndi maganizo amene sagona ngakhale thupi litagona: ngongole ya feteleza, makope ndi yunifolomu, mwana amene akutentha thupi, ndi bambo amene wapita kukalandira ndalama za fodya osadziwika kuti abwera nazo zingati.

Wogulitsa pamisika ya pamalire ali ndi nkhawa inanso imene mnzake wa ku Tete kapena ku Beira saidziwa. Nthawi zambiri amalipidwa kwacha, pamene zinthu zina zofunika pakhomo zimafuna metikali. Dziko la Malawi litatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndalama imene mayi adamanga pakona ya chitenje idachepa mphamvu iye osagulako kanthu. Kunyumba adafunsidwabe kuti ndalama za mbatatesi zapita kuti.

Azaumoyo amafotokoza kuti munthu akachita mantha kapena akakhala ndi nkhawa, thupi limathira m'magazi timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol. Timadziti timathamangitsa mtima ndi kufinya mitsempha kuti munthu athe kuthawa njoka kapena moto. Choopsacho chikadutsa, thupi limabwerera m'malo mwake. Tsono ngongole sidutsa ngati njoka. Imakhalapo m'mawa, imakhalapo usiku, mwezi ndi mwezi, ndipo thupi limangokhala ngati la munthu amene akuthamangitsidwa. Mpamene mayi amayamba kusowa tulo, kumva mutu waching'alang'ala, kuwawa kwa khosi ndi msana, kutentha pamtima, kuiwalaiwala ndi kukalipira ana pa zinthu zazing'ono. Woyamwitsa amaona mkaka ukuchedwa kutuluka. Apongozi akaona zimenezi amati mtsikanayu wayamba ulesi ndi mwano, ena amati walodzedwa.

Choopsa kwambiri ndi kuthamanga kwa magazi, kumene kuchipatala amati tensão alta ndipo kutsidya kwa malire amati bipi. Nkhawa yosatha, kusagona ndi mchere wambiri zimathandizana kukweza vutoli. Nthendayi ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: munthu amalima ndi kuseka bwinobwino osamva kalikonse, kufikira tsiku limene wagwa pamtondo, pakamwa papotoka, mkono ndi mwendo zafa. Pamenepo mudzi umati wamenyedwa hamala, abale ayamba kulozana zala, mbuzi ipita kwa sing'anga. Kafukufuku amene adachitika m'dziko lonse la Mozambique mu 2005 adapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka za pakati pa 25 ndi 64 adali ndi vutoli, ndipo mwa odwalawo, amene ankadziwa kuti akudwala sadakwane 15 pa 100. Atabwereza kafukufukuyu mu 2014 ndi 2015, odwala adali atafika pafupifupi 39 pa 100. Afiti a hamala sangachuluke chotero.

Boma lidayesako mbali yake. Lamulo latsopano la ntchito la 2023, limene lidayamba kugwira ntchito mu Febuluwale 2024, lidakweza tchuthi cha mayi wobereka kuchoka pa masiku 60 kufika pa 90, ndipo bambo wa mwana amapatsidwa masiku 7. Ndi nkhani yabwino kwa mayi wolembedwa ntchito m'sitolo, m'kampani kapena m'bungwe, ndipo woteroyo asachite manyazi kufunsa ufulu wake. Koma amayi olembedwa ntchito m'maboma a kumalire ndi angati? Mayi wa ku Dómuè amene bwana wake ndi khasu ndi dengu, lamuloli silimufika. Tchuthi chake chingachokere kwa mwamuna wake, apongozi ake ndi anansi ake basi. Mwambo wa chikuta udakhazikitsidwa ndi makolo kuti wobereka apume, koma lero mayi amaoneka kudimba mchombo wa mwana utangogwa kumene, anthu n'kumamuyamikira.

Abambo ali ndi yankho lawo, ndipo si lopanda pake. Amati nawonso amatopa: kupachika fodya m'chigafa, kukankha matumba panjinga kukwera mapiri a Tsangano, ganyu, ena ali kutali ku Moatize kapena ku Joni. Zoona. Kusiyana kwake n'kwakuti ntchito ya bambo ili ndi pothera. Akaweruka amasamba madzi amene wina watunga ndi kufunditsa, amadya nsima imene wina waphika, kenaka apita kubawo. Mayi amene anali naye mumzere womwewo kumunda ndiye wina ameneyo. Bambo amene watenga njinga yake kukatunga zigubu ziwiri za madzi kapena kupita ndi chimanga kuchigayo sadadyetsedwe khuzumule ayi. Wangowerengera bwino, pakuti mkazi akafa ziwalo, madziwo adzatunga yekha zaka zonse, pamodzi ndi kumutembenuza wodwalayo pamphasa. Chimodzimodzinso ndalama: bambo akayala pamphasa zimene walandira, awiriwo n'kugwirizana za feteleza, za sukulu ndi za ndiwo, theka la maganizo a mkazi limachoka usiku womwewo popanda piritsi.

Amayi achikulire nawo amati atsikana a masiku ano ndi ofooka, iwo adathawa nkhondo ana ali kumsana, adakhala m'misasa ya othawa kwawo ku Dedza ndi Ntcheu, nabwerera mu 1993 ndi 1994 kudzayamba pa tchire. Palibe angatsutse zimenezo. Koma nkhondoyo idatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndipo kupirira kumene kudapulumutsa ana pa nthawi ya mfuti sikuyenera kusanduka lamulo la mpongozi pa nthawi ya mtendere. Agogo omwewo, ena a iwo akumwa mankhwala a tensão lero, akanakhala oyamba kuuza mpongozi kuti khala pansi, mwanayo ndimugwirire.

Zilipo zimene mayi angachite yekha, ngakhale n'zochepa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, kutanthauza kasupuni kamodzi ka tiyi. M'poto imodzi muno mumalowa mchere, caldo ndi soda wa therere, ndipo zonsezi zingathe kukweza magazi. Mapiritsi a mutu ogula pamsika amangotseka pakamwa pa thupi limene likufuna kunena kanthu, ndipo ena mwa iwo akamwedwa tsiku ndi tsiku amawononga m'mimba ndi impso. Pagulu la chipereganyu kapena la amayi a kutchalitchi, mphindi zochepa zofunsana kuti "anzanga mukugona bwanji masiku ano?" zimatula katundu amene munthu wasenza miyezi. Mayi amene watha masabata awiri akungolira, osafuna kudya, osakondwa ngakhale ndi khanda lake, kapena akuganiza zodzipha, ameneyo akudwala, ndipo nthendayo ili ndi chithandizo. Kuyambira 1996 dziko lino limaphunzitsa azaumoyo otchedwa técnicos de psiquiatria ndi kuwatumiza m'zipatala za m'maboma. Abale amuperekeze akafunse. Woyembekezera amene watupa nkhope ndi manja, mutu ukumuwawa kwambiri ndipo akuona zinthu mwachimbuuzi, asadikire kuti kuche kapena kuti amalume abwere kudzalola.

Kuyeza magazi sikutenga mphindi zisanu, ndipo 140 pa 90 kapena kupitirira apo, zikapezeka kangapo, ndiye kuti munthu akufunika chithandizo. Vuto ndi lakuti mayi amafika ku Centro de Saúde chifukwa cha mwana, sikelo ikatha amathamangira kunyumba, mkono wake osaupereka. Magulu a zaumoyo amene amayenda m'midzi ndi katemera atamanyamulanso makina oyezera, nayeza mayi aliyense amene wabweretsa mwana, ambiri akanadziwika msanga. Mafumu ndi anyakwawa angathe kupempha zimenezi ku ofesi ya zaumoyo ya boma lawo, ndi kupemphanso tebulo limodzi la namwino pakhomo la msika wa Dómuè ndi wa Calómuè, pamene amayi amatula madengu awo m'mawa.