KALATA YA KU KAWANGWARE: Mwana amene ankafuna kulira kwa magemu akale

Nkhani ya lero ikhoza kuoneka ngati yachibwana poti ikukhudza magemu, koma inatsala pang'ono kudanitsa mayi wina ndi mwana wake wobala yekha, choncho ndikupempha kuti mundilezere mtima. Monga mwa mwambo wa ntchito yathu yothandiza mabanja, maina sinditchula, ndipo eni nkhani anandilola kuti ndiilembe.

Loweruka lina, mayi wina wa kwathu, amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Lavington koma amakhala ku Gatina kuno ku Kawangware, anandipeza pa siteji ya basi za nambala 46 nkhope ili yakugwa. "Achemwali," anatero, "mwana wanga wayamba juga." Umboni wake unali utatu: mashilingi 500 anasowa mu M-Pesa yawo, mnyamatayo ankachezera usiku atatseka makutu ndi mahedifoni, ndipo laputopu yakale imene mabwana awo anawapatsa kuti mwanayo aziphunzirirapo inali itafa. Mantha awo sanali opanda pake, chifukwa juga ya pa foni yameza achinyamata ambiri mu Nairobi muno, ndipo ife ogwira ntchito m'mabanja timakumana nayo sabata ndi sabata.

Ndinakaonana naye mnyamatayo, wa zaka 16. Poyamba anangoti ndwii, maso ali pansi. Nditamufunsa modekha chimene amamvetsera usiku, anati, "Anti, mukandiseka." Kenaka anandiika hedifoni imodzi kukhutu. Ndinamva timawu tating'ono tolira ngati tiwana ta mbalame, tothamanga, todumphadumpha, ndipo nthawi yomweyo mtima wanga unabwerera ku Zomba m'zaka za m'ma 1990. Television Malawi isanayambe mu 1999, ma TV ochepa amene ankapezeka m'makomo ankagwira ntchito ya mavidiyo ndi magemu basi. Ife ana tinkadzazana pa mkeka kwa aneba, kudikira nthawi yathu yogwira kachipangizo ka mabatani, pamene kaseti yachikasu yolonjeza magemu zikwizikwi inali ndi magemu ochepa chabe obwerezabwereza. Kulira kumene ndinamva ku Gatina kunali komwe kuja.

Mwanayo sankabetcha. Ankafuna kupanga yekha nyimbo za mtundu umenewu, zimene pa dziko lonse zimadziwika kuti chiptune. Anapita pa saiba ina, ndipo mwini wake anamuuza kuti popanda pulogalamu yodula imene opanga nyimbo za m'masitudiyo amagwiritsa ntchito palibe chimene angachite. Anamugulitsa kope yakuba ya pulogalamuyo pa fulashi, pa mtengo wa mashilingi 500 aja, ndipo mkati mwake munali vayirasi imene inapha laputopu. Kutenga ndalama za amayi ake mobisa kunali kulakwa, ndipo ndinamuuza mosapita m'mbali. Koma chimene chinandiwawa kwambiri ndi chakuti zonse zimene ankasowa zimapezeka mwaulere ndiponso mololedwa ndi eni ake.

Ndinakhala masabata awiri ndikufufuza, ndipo zimene ndinapeza ndi izi. Makina a magemu amene tinkaseweretsa aja anali otengera Famicom ya kampani ya Nintendo, imene inatuluka ku Japan mu 1983 ndipo inafika ku America mu 1985 ndi dzina lakuti NES. Mkati mwake munali kachipangizo kotchedwa Ricoh 2A03, kamene kankatha kutulutsa mawu asanu okha pa nthawi imodzi: awiri akuthwa oyimba nyimbo yeniyeni, amodzi ofewa ogwira ntchito ya besi, amodzi a phokoso ngati la wailesi yosowa siteshoni amene ankalowa m'malo mwa ng'oma ndi zisekese, ndi amodzi oseweretsa timawu tojambulidwa tatifupi. Game Boy ya mu 1989 inali ndi mawu anayi. Kompyuta ya Commodore 64 ya mu 1982 inali ndi atatu okha, ochokera mu kachipangizo kotchuka ka SID kamene anakonza Bob Yannes. Gemu yonse ya Super Mario Bros. ya mu 1985, pamodzi ndi nyimbo zake zimene anapeka Koji Kondo, inakwana mu makilobaiti 40, kutanthauza kuti chithunzi chimodzi cha pa foni yanu chimaiposa kukula kambirimbiri.

Kuchepa kwa mawu kumeneku ndi kumene kunabala luso. Woyimba gitala akafuna kuti manoti atatu amveke pamodzi amakhwacha nsambo zitatu nthawi imodzi. Wopeka nyimbo za magemu analibe mwayi wotero, ndiye ankauza mawu amodzi kuti azidumpha pa manoti atatuwo mothamanga kwambiri mpaka khutu linyengeke kuti akulira pamodzi. Kunjenjemera kokoma kumene timakumbukira m'nyimbo zija kunachokera pamenepa.

Tsono kwa makolo ndi achinyamata amene mungafune kuyesa, nawa mapulogalamu amene ndinawapeza. Wongoyamba kumene ayambe ndi BeepBox, imene anapanga John Nesky mu 2012. Imatseguka pa intaneti pomwepo popanda kulowetsa kanthu mu kompyuta, ndipo nyimbo yonse imasungidwa mu adiresi ya pamwamba ija, kotero mwana akhoza kuikopera nkudzitumizira pa WhatsApp asanachoke pa saiba. Wofuna mawu enieni a NES atenge FamiStudio, ya Mathieu Gauthier, imene inayamba mu 2019. Ndi yaulere ndipo imagwiranso ntchito pa mafoni a Android. Mkulu wake ndi FamiTracker, ya mu 2005, imene imayenda bwino ngakhale pa kompyuta yokalamba ya Windows, ngakhale kuti maonekedwe ake a mizere ya manambala amaopsa poyamba. Furnace nayonso ndi yaulere, ndipo imatsanzira makina ambiri akale, kuphatikizapo Sega Mega Drive ya mu 1988. Okonda Game Boy amalemekeza LSDj, imene Johan Kotlinski wa ku Sweden anayamba mu 2000. Amene akufuna kusakaniza mawu akalewa ndi ng'oma za masiku ano atenge LMMS, situdiyo yaulere ya pa kompyuta imene imabwera kale ndi ma synthesizer otsanzira Game Boy ndi SID, kapena awonjezere Magical 8bit Plug, imene inachokera kwa mmodzi wa oyimba a gulu la YMCK la ku Japan. Lamulo ndi limodzi: tengani pulogalamu kuchokera kwa eni ake enieni pa intaneti, osati pa fulashi ya munthu wa pa msika.

Pamene ndinkawafotokozera mayi aja zimenezi, anandifunsa funso limene kholo lililonse lingafunse: "Nanga zimenezi adzadya?" Sindinawanamize. Ndi ochepa amene amapeza chakudya ndi nyimbo zamtunduwu, ngakhale alipo. Nyimbo za gemu ya Shovel Knight ya mu 2014, imene inagulidwa kwambiri, Jake Kaufman anazipeka pa FamiTracker yomweyi yaulere. Koma phindu limene ine ndikuona lili pafupi kuposa pamenepo. Mwana wopeka nyimbo pa mapulogalamu amenewa amawerenga manambala, amagawa nthawi m'zigawo zofanana, amalakwitsa nkubwerera kukafuna pamene walakwitsa, ndipo amaphunzira kumaliza chimene wayamba. Kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo kudekha kotere ndi kumene masamu a kusukulu amafuna. Koposa zonse, mnyamata amene madzulo ali ndi chochita chimene amanyadira sakhala nyama yophweka kwa ogulitsa chamba ndi a juga amene amadikira pa ngodya iliyonse.

Ndinawakumbutsanso kuti luso lopanga zambiri ndi zochepa si la ku Japan kokha. Kwathu kaligo ali ndi nsambo imodzi, koma amaliza anthu misozi. Anyamata a m'midzi mwathu akhala akupanga mabanjo ndi zigubu za mafuta ndi mawaya a njinga. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka anafika mpaka ku Ulaya ndi gitala, chitoliro ndi besi ya chingwe chimodzi, ndipo masiku ano Madalitso Band ndi Gasper Nali akuzunguza dziko ndi babatoni wopanga okha. Mwana wa ku Gatina amene akufinya nyimbo m'mawu asanu a kachipangizo ka mu 1983 akuyenda m'mapazi a anthu amenewa, ngakhale iye anabadwira ku Nairobi ndipo Chichewa chake chimasakanikirana ndi Sheng.

Tinagwirizana zinthu zitatu. Mnyamatayo abweza mashilingi 500 aja pang'onopang'ono potungira anthu madzi Loweruka m'mawa. Foni izigona m'chipinda cha amayi ake kuyambira 10 koloko usiku masiku a sukulu. Ndipo amayi ake azimvetsera nyimbo imodzi imene wapanga sabata iliyonse. Mfundo yachitatuyi ndi imene anaikana kwambiri, ponena kuti iwo za magemu sazidziwa. Laputopu inakonzedwa ndi mnyamata wina wa ku tchalitchi kwathu, amene anafufuta zonse nkuyambanso mwatsopano.

Patapita mwezi ndinawayendera. Mwanayo anali atatenga nyimbo ina ya pa chinkhoswe imene amayi ake amaiyimba akamachapa, nkuiika mu FamiStudio, mawu awiri akuthwa aja akuyankhana ngati wotsogolera ndi ovomereza, phokoso lija likuomba m'manja. Mayiwo anaimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Pachiwiripo wathamangitsa, sitiyimba choncho kwathu." Anakhala pansi naye nkuyamba kumuwongolera. Mayeso a sukulu akadali patsogolo pake ndipo masamu akumuvutabe, koma m'nyumba muja anthu ayambanso kulankhulana.

Makolo anzanga, ana athu akukulira m'dziko la eni, pakati pa zinthu zimene ife sitinakule nazo, ndipo nkosavuta kuganiza kuti chilichonse chimene sitikuchimvetsa ndi choipa. Nthawi zina chimakhaladi choipa, ndipo tisagone. Koma musanalande foni, pemphani hedifoni imodzi mumve kaye. Amene muli ndi laputopu yakale imene ikungodya fumbi, bwerani nayo pa msonkhano wathu wa mwezi wamawa. Pali ana ena atatu ku Gatina ndi ku Congo amene akufuna kuphunzira, ndipo mphunzitsi wawo wa zaka 16 wavomera kale.

Mpaka mwezi wamawa, tsalani bwino ndipo Mulungu akusungeni.