Mtengo wa Kuukitsa Injini Yakale

Ku United States of America kuli amuna ambiri, ena a iwo aimvi kale, amene amasunga galimoto yakale m'garaja ataifunditsa nsalu, ndi ciyembekezo cakuti tsiku lina idzaliranso monga inali kulirira iwo akali anyamata. Cimene amakonda pa magalimoto amenewa ndi injini yake ya masilinda 8, imene eni ake amaicha big-block cifukwa thunthu lake la citsulo ndi lalikulu ndi lolemera kopambana. Mwezi uno, owerenga athu, tifuna tikambirane za mtengo wa kuukitsa injini yotere. Magalimoto ake sitiwaona kawirikawiri pa misewu yathu, koma masamu ake ndi omwe aja amasowetsa tulo mwini minibasi injini ikayamba kufuka utsi ndi kumwa oilo.

Injini zimenezi zinabadwa m'masiku a petulo wochipa. Kampani ya Chevrolet inatulutsa 396 mu 1965, 427 mu 1966 ndi 454 mu 1970. Chrysler inabwera ndi 440 mu 1966, ndipo Ford inatsatira ndi 460 mu 1968. Manambalawa ndi kukula kwa masilinda onse pamodzi m'muyeso wa ku America. Kwa ife ozolowera malita, 454 ndi malita 7.4, pamene Toyota Corolla yambiri imene tiidziwa siifika ngakhale pa malita 2. Injini yokhayo imalemera makilogalamu ngati 300, ndiwo matumba 6 a feteleza. Mu 1970 Chevelle yokhala ndi 454 yamphamvu koposa inali kuwerengedwa mphamvu ya akavalo 450. Koma ulemererowo sunakhalitse. Lamulo loletsa kuipitsa mpweya la mu 1970 linakakamiza makampani kucepetsa ukali wa injini, ndipo maiko a Aluya ataimitsa mafuta mu 1973 anthu anayamba kuthawa magalimoto aludzu. Chrysler inaleka kupanga 440 mu 1978, pamene 454 ndi 460 zinapitirira m'malole ang'onoang'ono kufikira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Motero munthu wotsegula injini ya Chevelle lero akutsegula citsulo ca zaka zoposa 50.

Ambiri amayamba ndi pepala ndi pensulo, kulemba mitengo ya mapisitoni, maring'i, mabering'i, magasiketi, pampu ya oilo ndi cheni. Zimenezi zimagulitsidwa pamodzi m'bokosi limodzi, mtengo wake ndi wodziwika, ndipo mtima umakhala pansi. Koma ndalama zenizeni zimathera kwa amisiri a makina opala ndi kuboola zitsulo, ndipo palibe angachule mtengo wa nchito yawo injini isanaphwasulidwe. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Thunthu lija limayamba latsukidwa, kenaka amaliyesa ndi maginito ndi ufa wa citsulo kuti aone ming'alu yosaoneka ndi maso. Mng'alu ukapezeka pamalo oipa, mwini wake amalipira kutsuka ndi kuyesako, nabwerera kunyumba kukafuna thunthu lina.

Likapulumuka, masilinda operepeseka amawakulitsa, kawirikawiri ndi 0.030 ya inchi. Kameneka ndi kamuyeso kosafika ngakhale milimita imodzi, komabe kamataitsa mapisitoni onse 8 akale ndi kuitanitsa atsopano okulirapo. Crankshaft nayo imapalidwa, ndipo imafuna mabering'i a muyeso wina. Zonse zozungulira ziyenera kuyesedwa kulemera kuti injini isanjenjemere. Ndiye pali mitu iwiri ya injini. Petulo wakale anali ndi mtovu, umene unali kuteteza pokhalira mavalavu otulutsa utsi. Petulo wotere analetsedwa pa misewu ya America mu 1996, cotero ambiri amaikitsa zokhalira zolimba m'mitu yakaleyo. Nthawi zina mtengo wokonza mitu ya citsulo umayandikira mtengo wa mitu yatsopano ya aluminiyamu, ndipo pamenepa ndi pamene ciyeso cimalowera.

Ciyesoco cimabwera ndi mau ooneka anzeru: popeza injini yatsegulidwa kale, bwanji osaiwonjezera mphamvu? Crankshaft yotalikitsa ulendo wa pisitoni, pamodzi ndi kukulitsa masilinda, imasandutsa 454 kukhala 496, malita opitirira 8. Koma injini yokula imafuna kupuma kwambiri, cotero mitu yakale, camshaft, kabureta ndi mipope ya utsi zonse zimacepa. Mphamvu yoculuka imabala kutentha, ndipo radiyeta yakale imalephera. Giyabokisi ndi ekiselo ya kumbuyo zimene zinapirira zaka zonsezi zimayamba kuthyoka mano. Potsiriza munthu amakumbukira kuti galimoto yothamanga iyeneranso kuima, pamene yambiri ya nthawi imeneyo inali ndi mabuleki ofooka. Walira mvula walira matope. Amene anafuna kungokonza injini amapezeka akumanga galimoto yonse, ndipo madola masauzande ocepa amene analemba papepala paja amawirikiza kawiri kapena katatu.

Sitikunena kuti kuwonjezera kulikonse ndi kuwononga cuma. Camshaft yakale imakhuzana ndi tizitsulo tosalala tokankha mavalavu, ndipo inali kudalira zinc wa m'oilo kuti isadyeke. Oilo wa masiku ano ali ndi zinc wocepa, cifukwa mankhwala ake amawononga zosefa utsi za magalimoto atsopano. Camshaft yotere ingadyeke m'mphindi zoyamba zenizeni injini itangolizidwa, ndipo tizidutswa take timayenda ndi oilo kukakanda mabering'i atsopano aja, nchito yonse nkuyambiranso. Camshaft ya timagudumu imadula kangapo kuposa yakaleyo, koma ife tiona kuti ndalama imeneyi ndi yogulira tulo. Zovundikira zonyezimira ndi kabureta wamkulu woposa muyeso ndi zogulira maso a anansi.

Palinso nkhani ya manambala, imene imadabwitsa alendo. Pa injini za Chevrolet fakitale inali kudinda manambala pa kamalo kosalala kutsogolo kwa thunthu, ndipo ena mwa iwo amafanana ndi a galimoto imene injiniyo inabadwiramo. Ogula magalimoto akale amalipira ndalama zambiri pa galimoto imene ikali ndi injini yake yobadwa nayo. Tsono mmisiri wopala pamwamba pa thunthu kuti pakhale posalala, akapanda kucenjezedwa, angafafanize manambalawo m'kanthawi kocepa. Injini idzayenda bwino lomwe, koma mtengo wa galimoto udzakhala utagwa. Ndiye cifukwa cake mwini galimoto yosowa amalolera kulipira zambiri kuti apulumutse thunthu lodwala, pamene mwini 454 yocokera m'lole wamba alibe cifukwa cotero.

Njira zina zilipo. Chevrolet yakhala ikugulitsa injini zatsopano za mtundu womwewu zomangidwa kale, zongoika m'galimoto. Yaikulu koposa, ZZ632, inalengezedwa mu 2021 ndi mphamvu ya akavalo 1,004, pa mtengo wopitirira madola 35,000, ndalama zogulira galimoto yatsopano yathunthu. Ena amatenga injini za mtundu wa LS, zimene zinayamba mu 1997, zopepuka, zosamwa petulo kwambiri ndiponso zopezeka mosavuta kwa ophwasula magalimoto. Pa masamu okha, kawirikawiri zimenezi ndizo zimapambana. Koma ambiri amakana, pakuti galimotoyo inali ya atate awo, kapena ndiyo anakwera tsiku la ukwati, ndipo cimene afuna kumvanso ndi kulira kwa injini yomweyo. Ife sitiwaseka anthu otere.

Cimene timadandaula naco ndi pamene ndalama za cikumbumtima cotere zicoka m'thumba la banja mwakacetecete, pang'onopang'ono, mai wa m'nyumba nkumangoona makatoni akufika. Galimoto yokonzedwa motere siibweza kawirikawiri zonse zimene inadya, ndipo nchito zambiri zimaima pakati, injini ili m'zidutswa, mwini wake nkuzigulitsa motaya. Amene adziwa nchitoyi amalangiza kuti munthu ayambe wagamula kuti galimotoyo idzakhala yoyendera pa Sabata kapena yampikisano, ayesetse thunthu asanagule kanthu kalikonse, alembetse mitengo ya amisiri papepala, ndipo asunge ndalama zina pambali za zimene zidzatulukira. Ife tiwonjezerapo kuti pepalalo liwerengedwe ndi anthu awiri a m'nyumbamo. Uphungu womwewu ungathandize mwini minibasi kwathu kuno, amene amasankha pakati pa kukonza injini yake ndi kugula yogwirapo kale nchito yocokera ku Japan.

Ndipo amisiri onse atalipidwa, injini yaikuluyo imayamba kufuna zake. Yambiri imayenda makilomita 4 kapena 5 okha pa lita imodzi ya petulo. Ikanakhala kuno, ulendo wocokera ku Lusaka kupita ku Chipata ukanadya malita oposa 110, kupita kokha.