Musathamangire Kufomata, Ana Anga

Ana anga a ku Linda, ndi inu anzawo a ku Kanyama, Chawama, Matero, George, Mtendere ndi Kalingalinga amene nsima yanu imachokera pa kompyuta, pali mawu amodzi amene akundiwawa m'makutu ndikamadutsa m'timashopu tanu. Mawuwo ndi akuti, "Tingoifomata." Kompyuta yazima yokha kasitomala ali chilili kudikira CV yake, tingoifomata. Yatulutsa sikirini yabuluu pakati pa nyimbo imene mnyamata wachezera usiku wonse kujambula, tingoifomata. Koma mukafunsitsa, mupeza kuti makinawo ankayenda bwinobwino mpaka tsiku limene mwini wake anapita m'tauni, ku Katondo Street kapena ku Town Centre, n'kubwerako ndi kaphukusi ka RAM, SSD kapena graphics card.

Kuwonjezera zida sindikukana. Makompyuta ambiri a m'makomboni mwathu ndi a Dell OptiPlex ndi a HP amene anayamba atumikira m'maofesi akunja, n'kudzafika kuno atakalamba kale. Munthu amene amasindikiza makalata ofunsira ntchito, kujambula makope a NRC, kuthandiza makolo kuona zotsatira za mayeso a Giredi 12, kapena kukonza mavidiyo a ukwati ndi a chilanga mulilo, sangangopinda manja makina akuchedwa, mzere wa anthu uli pakhomo. Kuika SSD m'malo mwa hadi disiki yakale ndi nzeru, ndipo mwana amene waganiza zimenezo ndimamuyamikira. Chimene ndikukana ndi kulanga Windows pa mlandu umene sinapalamule. Kufomata kumadya tsiku lathunthu, kumatha kukokolola zithunzi ndi makalata a anthu amene anakukhulupirirani, ndipo ngati matenda ali m'zitsulo, mawa lake kompyuta idzazimanso chimodzimodzi. Kuthamanga sikufika.

Yambani ndi kupenyetsetsa mmene ikugwera, chifukwa kagwedwe kake kamasiyana. Ikatulutsa sikirini yabuluu, chakumunsi kumalembedwa dzina la vutolo. Lijambuleni ndi foni lisanachoke. MEMORY_MANAGEMENT kawirikawiri imaloza ku RAM. VIDEO_TDR_FAILURE imaloza ku graphics card ndi driver yake. INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE ikunena kuti Windows yalephera kufikira disiki imene ikukhalamo. Koma ikangothima zii popanda kulemba kanthu, kenako n'kudziyatsa yokha, ganizirani za magetsi kapena kutentha. Mu Event Viewer mudzapezamo Kernel-Power 41, ndipo ambiri amasangalala kuti agwira mfiti. Ayi, nambala imeneyo ikungochitira umboni kuti makina anazima osatsanzika, chifukwa chake siinena. Sungani kabuku pambali pa kiyibodi, muzilembamo ola limene yazima ndi ntchito imene inali kugwira. Masiku awiri atatu, kabukuko kayamba kulankhula.

Kenako bwererani pamene munachokera. Chotsani chida chatsopanocho, bwezeranimo chakale, mugwire ntchito monga mwa nthawi zonse. Kuzimako kukatha, mwadziwa kumene kuli utsi. Apa ndiye ndimamva chisoni ndi ana amene amagulitsa RAM yakale kapena kufufuta hadi disiki yakale tsiku lomwelo limene agula yatsopano, kuti abweze ndalama ya basi. Fodya wako ndi yemwe ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Chida chakale chimene mukuchidziwa khalidwe lake chikhale m'kabati kwa mwezi wathunthu. Enanso akalandira ndalama ya chilimba amagula RAM, SSD ndi graphics card nthawi imodzi, zonse n'kuzilowetsa madzulo amodzi. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Makina akayamba kugwa simungadziwe kuti mwa alendo atatuwo walakwa ndani. Lowetsani chimodzi, chigone masiku angapo, kenako chinzake.

RAM ndiyo imavutitsa anthu ambiri, ndipo nthawi zina vuto ndi kakhalidwe chabe. Zimitsani makina, zulani chingwe kukhoma, dinani batani loyatsira kwa kamphindi kuti magetsi otsalira athe, ndipo gwirani chitsulo cha bokosi musanakhudze kalikonse m'kati, makamaka m'chilimwe pamene thupi limasunga timagetsi totha kupha chida. Gwirani RAM m'mphepete, osati pa mano ake agolide. Pakati pa manowo pali kampata. Kakumane ndi kachotupa kamene kali m'ngalande yake. Kanikizani ndi zala zazikulu ziwiri kumapeto onse mpaka timakilipi ta m'mbali titatseka tokha, mumve kuti "tha!" Kilipi imodzi ikatsala yoyasama, RAM yakhala mopendekeka, ndipo imatha kuyatsa makina lero, mawa n'kuwagwetsa.

DDR3 ndi DDR4 sizingakusokonezeni kwambiri, chifukwa ina ili ndi mano 240, ina 288, ndipo timipata tawo sitili pamalo amodzi. Yosayenera siilowa pokhapokha mutathyola. Zoopsa ndi zimene zimalowa bwino koma osagwirizana. DDR3 wamba imayendera 1.5V pamene DDR3L imayendera 1.35V. Ina imathamanga pa 1333, inzake pa 1600. Makina ena amazilandira zosakanizazo mwakachetechete, ena amazikana mwa apo ndi apo. Palinso RAM yochotsedwa m'maseva, yolembedwa kuti Registered ECC, imene imatchipa ndipo imaoneka yonenepa, koma kompyuta ya patebulo siifuna. Yesani RAM kamtengo kamodzikamodzi. Ikani MemTest86 pa fulashi, kapena gwiritsani Windows Memory Diagnostic imene ili kale m'makina, muisiye izungulire mpaka imalize. Cholakwika chimodzi chokha chikatuluka, kamtengoko kapena ngalande yake ndi yodwala. Kasamutsireni mu ngalande ina muyesenso kuti mudziwe.

Tsopano ndikhale pansi pa nkhani ya power supply, kabokosi kachitsulo kamene chingwe cha kukhoma chimalowamo, chifukwa ndi kamene palibe amakaganizira popita kukagula. Pendekani bokosi muwerenge kapepala komata pambali pake. Ma OptiPlex opyapyala a 790 ndi 7010, ndi ma HP Compaq Elite 8200 ndi 8300 a msinkhu womwewo, anabwera ndi power supply ya 240W, yokwanira ntchito ya mu ofesi. Graphics card ngati GTX 1050 Ti, eni ake a NVIDIA amalangiza kuti ikhale m'makina a 300W. Wonjezerani pamenepo kuti OptiPlex 7010 inatuluka mu 2012, ndipo kabokosi kamene kamwa fumbi ndi kutentha zaka zoposa khumi sikaperekanso mphamvu yonse yolembedwa pa kapepala. Zili ngati kuwonjezera thumba lina la makala pa njinga yokalamba: pa msewu wosalala iyenda, koma pachitunda masipoko athothoka, ndipo mlandu si wa thumbalo. Chizindikiro chake ndi chomwecho. Mukamalemba kalata, kompyuta ili phee. Mukangoyamba kutulutsa vidiyo ya ukwati kapena mwana akayatsa gemu, thimu! Chida chatsopano chilibe chilema, changoulula kufooka kwa chakale. Mankhwala ndi power supply yokulirapo, koma pitani ndi yakaleyo m'manja, chifukwa makina ena a Dell ndi HP ali ndi mapulagi awoawo osagwirizana ndi za pamsika. Ndipo ndikupemphani ndi mtima wonse, kabokosi kameneka musakatsegule. M'kati mwake mumatsala magetsi otha kuvulaza munthu ngakhale chingwe chitazulidwa.

Pali magetsi enanso, ochokera kukhoma. Dziko lathu limadalira madzi popanga magetsi ake ambiri. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko mu February chaka chimenecho, chinatsitsa madzi a ku Kariba, kampani ya magetsi ya ZESCO n'kumagawa magetsi mosinthana mpaka masiku ena ankabwera maola atatu okha. Malaiti akabwera m'komboni, aliyense amathamangira kuyatsa: owotcherera zitsulo, mafiriji a m'timagolosale, mapampu a madzi, zitofu. Mphamvu imene iyenera kukhala 230V imakwera n'kutsika. M'yadi imodzi mabanja angapo amagawana mita imodzi, zingwe zili lende kuchoka khomo ili kupita linalo. M'shopu momwemo, kompyuta, fotokope ndi pulinta ya laser zili pa adaputa imodzi yotchipa, ndipo pulintayo ikamatenthetsa ng'anjo yake imakoka magetsi ambiri kamodzin'kamodzi. Kompyuta imene kale inkapirira zonsezi, mwaiwonjezera katundu, tsopano siingapirire. Jenereta yaing'ono ndi ma inverter ena otchipa nawonso amapereka magetsi osasalala amene ma power supply ena amawakana. Kuyesa kwake n'kosavuta. Nyamulani bokosilo mukaligwiritse ntchito tsiku lonse kwa m'bale wanu kumene magetsi ndi okhazikika. Likakhala osazima, musavutitse wogulitsa RAM. Sungani ndalama ya UPS, ndipo pulinta ya laser musailumikize pa UPS imeneyo.

Kutentha nako kuli ndi gawo lake. Mu October, pansi pa malata, kashopu kamasanduka uvuni, ndipo fumbi la misewu yathu ya dothi limamatirira pa fani mpaka kupanga bulangete. Potsegula bokosi, dzanja limatha kusuntha kachingwe ka fani, kapena chingwe cha SSD n'kutsamira pa mapiko ake. Amene wasintha processor n'kuiwala kupukuta thermal paste yakale ndi kupaka yatsopano asadabwe. Yatsani makina chivundikiro chili chotsegula, muone ndi maso anu kuti mafani onse akuzungulira. Pemererani fumbi panja mutagwira faniyo ndi chala, ndipo bokosi lichoke pansi, likwere patebulo.

Za madriver sindichulutsa. Mukasintha graphics card, chotsani driver yakale muli mu Safe Mode, yatsopanoyo mukaitenge kwa NVIDIA kapena AMD, osati pa fulashi imene yayenda m'mashopu onse a pamzere. Kompyuta ikamaiwala tsiku ndi ola, kabatire kozungulira ka CR2032 pa motherboard katha, ndipo BIOS imatha kuiwalanso kuti disiki inali pa AHCI, Windows n'kukana kudzuka. Kabatire kameneko n'kotchipa. Wina akakuuzani kuti musinthe BIOS ikhale yatsopano, zimathandizadi nthawi zina, koma musayerekeze popanda UPS, chifukwa malaiti akapita ntchitoyo ili pakati, motherboard imatha kufa osadzukanso. Ndivomereze kuti kuzima pafupipafupi kumawonongadi mafayilo a Windows. Pamenepo yambani ndi sfc /scannow ndi chkdsk. Kufomata kuli ndi malo ake, kumapeto, zitsulo zitayesedwa ndipo mafayilo atakopedwa.

Musanatulutse ndalama ina, dziwaninso ichi. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna TPM 2.0 komanso, pa makina a Intel, processor ya mbadwo wa 8 kupita m'tsogolo. Makina a 2012, ngakhale muwadzaze RAM mpaka pakamwa, muyeso umenewo saukwanitsa. SSD ndi RAM pang'ono kuti ntchito ya lero iyende, inde. Koma kuthira ndalama zambiri m'bokosi lotero, khalani pansi muwerengere kaye.

Inu ana anga ogulitsa zida, ambiri mwa inu ndinu oona mtima, ndipo mukudziwa kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: RAM yowala bwino imatha kukhala yakufa inu osadziwa. Yesani chida pamaso pa wogula, lembani lisiti yokhala ndi nambala ya chidacho, ndipo mugwirizane masiku amene angabweze. Wogula naye asabwere ndi ukali asanayese kwawo. Ndipo iwe amene waika chida n'kuona kompyuta yayaka, usafulumire kuuza anzako kuti zatheka. Linda madzi apite ndiye uziti ndadala. Ipatse ntchito yolemetsa imene inkaigwetsa, masana dzuwa lili pamutu, fotokope ikulira, kwa sabata yathunthu.

Zonsezi zikakanika, pitani kwa mmisiri, palibe manyazi. Safunsa anadya phula. Tengani kabuku kaja, zithunzi za sikirini yabuluu, chida chakale ndi chatsopano, ndi chingwe chanu chamagetsi. Muuzeni zoona zonse: chimene munasintha, tsiku limene munasintha, ngati munakakamiza kanthu kulowa, ngati shopu imayendera jenereta. Mukabisa, adzataya maola akufufuza chimene inu mukuchidziwa kale, ndipo maolawo mudzalipira ndinu. Akanena kuti afomata asanayese RAM ndi power supply, mufunseni mwaulemu chifukwa chake. Ndipo asanamasule sikuluu ngakhale imodzi, mafayilo a makasitomala anu akopedwe pa disiki ina, inu muli pomwepo.